Chifalansa chandigwetsa mphwayi, ndipitirize bwanji?

Mmodzi mwa owerenga wanditumizira imelo. Akuti anayamba Chifalansa ndi mtima wonse, anagula buku la galamala, ndipo tsiku lililonse ankaloweza mawu. Pano akangoliona bukulo, thupi limafooka. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi ndi ulesi, kapena mutu wanga si wa zilankhulo? Ndikamaonera filimu ya Chifalansa ndimadziimba mlandu kuti ndikutaya nthawi."

Anzanga, umenewo si ulesi, ndipo filimuyo musaisiye.

Bungwe la Foreign Service Institute, lomwe limaphunzitsa akazembe a ku America zilankhulo, linkati munthu wolankhula Chingerezi amafunika maola 600 mpaka 750 a m'kalasi kuti adziwe bwino Chifalansa, pomwe Chiarabu, Chitchaina ndi Chijapanizi zimafuna pafupifupi maola 2,200. Ndipotu amenewo ndi anthu oti kuphunzirako ndiyo ntchito yawo. Nanga inu amene mukuphunzira mutaweruka, mutatopa kale, mungapirire maola onsewo pa chinthu chosakoma? Nchifukwa chake ndimaumirira kuti zinthu zokusangalatsani zizitenga gawo lalikulu la nthawi yanu yophunzira.

Katswiri wina, Stephen Krashen, anafotokoza m'zaka za m'ma 1980 kuti munthu amatola chilankhulo akamamva kapena kuwerenga zinthu zomwe akuzimvetsa, zongopitirira pang'ono zimene akudziwa kale, ndiponso kuti nkhawa ndi mantha zimalepheretsa mawu kukhazikika. Ena amati kumva kokha sikokwanira, pamafunikanso kulankhula, ndipo inenso ndili mbali yawo. Koma pa nkhani ya kumvetsa, Krashen ananena zoona.

Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Munthu amatenga buku lalikulu, tsamba loyamba lomwe wadula mizere pansi pa mawu makumi awiri, chala chili mu dikishonale, pofika pansi wayiwala zomwe zinali pamwamba. Ofufuza ngati Paul Nation amati kuti muwerenge momasuka, muyenera kudziwa kale mawu pafupifupi 98 pa 100 alionse. Choncho tsikani popanda manyazi. Pali timabuku tolembedwa mophweka mwadala chifukwa cha ophunzira. Pali makatuni a ana. Wailesi ya ku France ya RFI ili ndi pulogalamu ya Journal en français facile, nkhani za tsikulo za mphindi khumi, ndipo mutha kuwerenga zomwe zanenedwazo pa intaneti. Nkhani yomwe mwaimva kale m'chilankhulo china imamveka msanga.

Koma funso lalikulu ndi ili: inuyo mumakonda chiyani? Ngati ndi mpira, mverani oulutsa mpira m'Chifalansa. Maso akuona zomwe zikuchitika, ndipo mawu omwewo akubwerezedwa masewero onse, mpaka tsiku lina mudzangozindikira kuti mwamva chiganizo chonse osamasulira m'mutu. Ngati ndi nyimbo, sankhani imodzi yokha, lembani mawu ake pamanja, muziyimba pochapa kapena poyenda. Pa mafilimu, mawu olembedwa pansi aja akhale a Chifalansa, chifukwa akakhala a chilankhulo chomwe mumadziwa, makutu amapuma maso n'kumagwira ntchito okha. Mafilimu a zigawozigawo ndi abwino koposa, poti anthu ake ndi omwewo ndipo kalankhulidwe kawo mumakazolowera. Katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anasonyeza mu 1885 kuti zomwe taloweza zimathawa msanga tikapanda kukumana nazonso, ndiye apa kubwerezako kumangochitika kokha.

Buku la galamala lija musalitaye. Lizikhala pafupi, muzilitsegula mphindi khumi mukakumana ndi chiganizo chokuzunguzani, muone chifukwa chake chili choncho, kenako mubwerere ku filimu yanu.

Pezaninso munthu wocheza naye, ngakhale pa foni kamodzi pa sabata, ndipo muzikambirana za mpira kapena filimu yomweyo. Mawu mudzakhala nawo kale, chongotsala ndi kuwatulutsa pakamwa.