Ziboliboli zolira maliro zilipo, ndipo zina ndi za anansi athu

Achimwene, mwafunsa ngati masiku ano alipo amisiri opanga ziboliboli zolira anthu wamba ophedwa pa nkhondo yapachiweniweni, osati zipilala za asilikali ngati chija cha ku Area 18 kuno ku Lilongwe. Alipo ndithu.

Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itatha mu 1992, mfuti zinatsala mbwee m'midzi ya ku Mozambique. Mu 1995 Bishopu Dinis Sengulane ndi bungwe la matchalitchi kumeneko anayambitsa ntchito yoti munthu akapereka mfuti azilandira khasu, njinga kapena makina osokera. Mfutizo amisiri a ku Maputo ankazidula n'kuziwotcherera. Mu 2001 Cristóvão Canhavato, wodziwika ndi dzina loti Kester, anapanga mpando wa mfuti zokhazokha. Pambuyo pake amisiri anayi anapanganso ndi mfuti mtengo wotalika kupitirira mamita 3, wotchedwa Tree of Life. Zonsezi zili m'manja mwa British Museum, nyumba yosungira zinthu zakale ku London, ndipo zimandiwawa kuti ofedwa eni ake sangakazione mosavuta.

Nkhaniyi ndi yathunso. Anthu pafupifupi 1 miliyoni anathawira kuno nthawi ya nkhondoyo, ku Nsanje, Ntcheu, Dedza ndi madera ena, ndipo makolo athu anadya nawo mbale imodzi.

Ku Colombia nako, mu 2018 mmisiri Doris Salcedo anasungunula matani 37 a zida za FARC, gulu lomwe linkamenyana ndi boma pa nkhondo yapachiweniweni ya kumeneko, n'kupanga pansi popondapo anthu m'nyumba yachikumbutso ku Bogotá. Amayi omwe anagwiriridwa pa nkhondoyo ndiwo anasula nawo zitsulozo.

Ndikanakonda amisiri athu atachitira zotere aja anaphedwa pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011, koma ayambe akhala pansi ndi mabanja ofedwa.