Munavotera Kanani, ndiye mwati simudzavotanso?

Mchemwali wina wandilembera pa imelo. Mu 2020 anavotera a Lazarus Chakwera, amene ankalonjeza kutifikitsa ku Kanani, n'kukopanso abale ake kuti achite chimodzimodzi. Zinthu sizinayende monga ankayembekezera, moti mu September 2025 sanapite n'komwe kukavota. Pano akufunsa ngati pali chifukwa chodzadzivutitsanso, komanso kuti awayankhe chiyani amalume ake amene amati akangokumana, ngakhale pamaliro, amvekere: "Kanani uja munafika?"

Achemwali, mwandikhudza pachilonda, chifukwa nanenso chala changa chinadetsedwa ndi inki yomweyo.

Koma nkhani yathuyi sinayambe tsiku lovota. Inayamba pa 3 February 2020, tsiku limene khothi linagamula mlandu wa chisankho cha 2019, chija cha tipeksi. Ine ndinali kwa wometa tsitsi wa m'dera lathu. Sindinapite kukameta, kungoti wailesi yake inali yamphamvu ndipo munthu sumafuna kumva zinthu zoterozo uli wekha. Tinadzaza mmenemo, ena pabenchi, ena pa makreti a zakumwa, ena pakhomo. Oweruza asanu aja, a Potani, a Kamanga, a Madise, a Kapindu ndi a Tembo, anawerenga chigamulo mosinthana kuyambira mmawa mpaka kunja kunada. Chingerezi chake chinali cha malamulo, ambiri sitinkamva zonse, ndiye mnyamata wina wophunzira ndi amene ankatimasulira, naye mongopeka penapake. Wometayo anameta kasitomala mbali imodzi n'kuiwala mbali inayo, ndipo kasitomalayo sanadandaule. Anakhala choncho nsalu ili m'khosi, khutu lili ku wailesi. Atanena kuti chisankho chija chafafanizidwa, bambo wina wachikulire amene sanayankhule tsiku lonse anavula chipewa n'kuyamba kulira.

Pa 23 June, kukuzizira ngati mmene June amazizirira, ndinaima pamzere pa sukulu ya pulayimale ndi anthu amene ena mwa iwo anapuma utsi wokhetsa misozi m'zionetsero za bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC chaka chapitacho. A Chakwera anapambana ndi mavoti oposa 58 pa 100 alionse. Mukukumbukira zimene tinkaimba: ntchito 1 miliyoni, kudya katatu patsiku, feteleza wa K4,495, Malawi wokomera tonse. Munthu wake anali m'busa amene anatsogolera mpingo wa Assemblies of God zaka zoposa 20, wodziwa kuyankhula moti ngakhale amene samukonda ankasiya zochita kuti amumvere. Pambali pake panali a Saulos Chilima, ndipo tisanamizane, achinyamata ambiri amene anavotera mgwirizano wa Tonse ankavotera iwowo.

Mayi anga chaka choyambacho anagula matumba awiri pa mtengo uja. Anandiimbira foni ali pa njinga ya kabaza, matumba ali pa njinga ina kumbuyo, akuseka ngati mtsikana. Mvula inagwa bwino, nkhokwe inadzaza, ndipo Khirisimasi imeneyo ndinapita kumudzi ndili ndi matama ngati fetelezayo ndapanga ndine. Chaka chotsatira thumba linafika pa K7,500, kenako K15,000, ndipo mayina a olandira ankachepa chaka ndi chaka. Mayi anasiya kundiimbira za feteleza. Anayamba kundiimbira za mtengo wa sopo, shuga, mafuta ophikira. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti, ndipo ndalama imene ndinkatumiza kumudzi mwezi ndi mwezi inasanduka yongopatsira moni.

Mizere ya mafuta sindikufuna n'kuyikumbuka komwe. Usiku wina ndinagona m'galimoto pa filing'i siteshoni, kutsogolo kwanga kuli anyamata a njinga zamoto atagona pa zishalo zawo, zigubu atamangirira kumiyendo kuopa akuba. Mayi wina ankazungulira ndi fulasiki ya tiyi ndi beseni la mandasi, ndipo pa anthu tonse tinali pamenepo iye yekha ndi amene bizinesi inkamuyendera. Mbandakucha wina anakuwa kuti thanki ikubwera, tonse tinadzambatuka, koma inali lole ya simenti.

Ndikudziwa zimene otsatira chipani cha tambala wakuda amanena, ndipo zina n'zoona. Covid inalipo. Nkhondo ya ku Ukraine inakweza mtengo wa feteleza ndi mafuta padziko lonse. Namondwe wa Freddy mu March 2023 anapha anthu oposa 1,000 m'chigawo cha kummwera n'kukokolola minda ndi milatho. Misewu ya mu Lilongwe anaimanga, aliyense amene wadutsako waona. Malipiro osadulidwa msonkho anawakweza kufika pa K100,000 atangolowa. Zimenezi sindikana.

Koma Freddy si amene anasankha nduna mu July 2020, pamene tinaona mwamuna ndi mkazi wake, mchimwene ndi mlongo wake, onse mu kabineti imodzi, patangopita masiku ochepa titauzidwa kuti zokonderana zatha. Si Putin amene anasakaza K6.2 biliyoni ya Covid. Si mvula imene inatumiza K750 miliyoni ya feteleza ku kampani ya ku Britain yogulitsa nyama. Ndipo chimene chinandithera mphamvu ine ndi cha pa 6 December 2022, pamene apolisi anakagogoda mbandakucha kunyumba kwa mayi Martha Chizuma, amene panthawiyo anali mkulu wa bungwe lolimbana ndi katangale la ACB, n'kuwatenga. Pulezidenti anati sanadziwe. Ndinakhala pansi n'kudzifunsa kuti choipa kwambiri n'chiti, kuti ankadziwa kapena kuti sankadziwadi. Mpaka lero ndimaona kuti chachiwiricho n'choopsa kuposa choyamba. Mtsogoleri amene zinthu zazikulu chonchi zimachitika m'boma lake iye osadziwa, kenako n'kudzayankhula bwino kwambiri pa wailesi ndi kukhazikitsa komiti yofufuza, ameneyo wakusiyani nokha. Maepiskopi a Katolika m'kalata yawo ya mu February 2024 ananena poyera kuti m'malo mwa dziko lolonjezedwa tafikira ku Bagamoyo, tawuni ya ku Tanzania kumene akapolo ankatayira mtima. Anthu a m'mipingo ina anaombera m'manja kalata imeneyo kuposa Akatolika eniake.

Ndiye kukhumudwa kwanu n'koyenera, ndipo aliyense wokuuzani kuti mukukokomeza musamumvere. Chimene ndikukana ine ndi manyazi. Mwachita manyazi ndi chiyani? Munaba ndalama ya Covid ndinu? Mu June 2020 panali mayina atatu okha papepala, ndipo mmodzi mwa awiri akuluakuluwo anali munthu amene khothi linali litangonena kuti sanasankhidwe moyenera. Munasankha ndi zimene munkadziwa tsiku limenelo. Amene ayenera kuzyolika ndi amene analonjeza.

Amalume anuwo muwalemekeze, ndi akulu, koma mudzawafunse mofatsa kuti iwo anavotera yani amene sanawakhumudwitse. Ngati anavina ndi a Bakili Muluzi mu 1994, akumbukire kuti pofika 2002 munthu yemweyo ankalimbana ndi malamulo kuti aimenso kachitatu. Ngati anali a Bingu, amene mu 2009 anapata mavoti pafupifupi 66 pa 100 alionse, akumbukire pa 20 July 2011, anthu 20 ataphedwa m'misewu, mafuta kulibe, ndalama zakunja kulibe, mizere yake yomweyi. Ngati anali a Amayi Joyce Banda, Cashgate ya 2013 ikuwadikira. Kuno kwathu aliyense amene anavotapo ali ndi wake womukhumudwitsa, kungoti timasekana mosinthana.

Ndipo apa ndiyankhule zimene zimandikwiyitsa. A Bingu tinkawatcha Mose wa lero. Patangopita zaka khumi tinatsatira wina wopita nafe ku Kanani. Nkhani imodzimodzi ya m'Baibulo, kawiri, ndipo kawiri konse tinakhulupirira ndi mtima wonse. Ife Amalawi sitilemba munthu ntchito, timafuna mpulumutsi. Tikamupeza timamuvalira nsalu, kumuimbira nyimbo, kumuvinira pabwalo la ndege, ndipo wina akangofunsa funso timati ndi wansanje kapena watumidwa. Chaka choyamba cha Tonse, munthu ukadandaula za kabineti ija pa Facebook, anzako omwe unkayenda nawo m'zionetsero ankakuuza kuti apatseni nthawi. Tinawapatsa. Zionetsero zinazizira, mtsogoleri wa HRDC a Timothy Mtambo anakhala nduna, ndipo amene ankakuwa kwambiri ambiri anapeza pokhala. Boma lililonse likaona kuti palibe amene akuliyang'ana limagona, kaya mtsogoleri wake ndi m'busa kaya pulofesa.

Ndipatuke pang'ono. Imfa ya a Chilima pa ngozi ya ndege m'nkhalango ya Chikangawa pa 10 June 2024, pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu, inaswa mitima ya anthu ambiri amene anali atatsala ndi kachiyembekezo kochepa. Ndikudziwa anzanga amene kuyambira tsiku limenelo sayankhulanso za ndale. Sindiwaweruza. Koma nawonso ndimawauza kuti ngakhale iwowo akanalowa, tsiku lina akanatikhumudwitsa penapake, chifukwa mpando uja uli ndi mphamvu zochuluka kwambiri kwa munthu mmodzi. Aliyense akakhala kunja amalonjeza kuti adzazichepetsa. Akalowa amapeza kuti n'zokoma.

Chimene tinapambana mu 2020

Ndikaganiza za bambo analira kwa wometa uja, sindikhulupirira kuti ankalirira a Chakwera. Tsiku limenelo palibe amene anali atapambana. Chimene chinachitika n'choti khothi linauza pulezidenti wokhala pampando kuti chisankho chako sichinayende bwino, bwerera. Mu Africa muno zinali zitachitikapo ku Kenya kokha mu 2017, ndipo kumeneko yemwe anali pampando anabwereranso. Kwathu kuno anachoka. Khothi lomwelo linatinso wopambana azipeza mavoti oposa theka, 50+1. Mu 2019 a Peter Mutharika analengezedwa opambana ndi 38 peresenti yokha, kutanthauza kuti anthu ambiri sanawafune. Zimenezo zinatha.

Tsono taonani 2025. Pa 16 September anthu anapita mwaunyinji, pafupifupi atatu mwa anayi alionse olembetsa, n'kuchotsa munthu yemwe anamuika okha zaka zisanu zapitazo. A Mutharika anapeza 56.8 peresenti, a Chakwera 33. Ndipo a Chakwera, tiwapatse ulemu wawo, anavomereza kugonja pa 24 September zotsatira zisanalengezedwe n'komwe. Chida chimene munathandiza kusula mu 2020 ndi chomwecho chimene chinagwira ntchito pa munthu amene wakukhumudwitsaniyo. Voti yanu ija sinapite pachabe.

Sindikunena kuti zotsatira zake zinandisangalatsa. Kuona dziko la achinyamata likubwerera kwa munthu wa zaka 85 amene linamukana dzulodzulo, wachiwiri wake ali mayi Jane Ansah, omwe aja tinkayenda m'misewu kuti atule pansi udindo ku bungwe loyendetsa zisankho la MEC, ndi chinthu chimene mpaka pano ndimachimeza movutika. Anthu ambiri sanavotere chikondi. Anavotera mtengo wa chimanga. Koma uthenga unafika kwa andale onse: ukalephera, zaka zisanu zikakwana upita, ngakhale unalowa ndi nthungululu. Amene ali pampando pano akudziwa zimenezo, ndipo akudziwa chifukwa cha anthu amene anapita kukaima pamzere. Inu simunapite, achemwali, ndipo sindikukalipirani, munthu amatopa. Kungoti andale sawerenga anthu otsala kunyumba. Saopa mkwiyo wa munthu wosavota. Amasangalala nawo, chifukwa otsala pamzere ndi aja ogulika ndi nsalu ndi K2,000.

China chimene sitikamba kawirikawiri: malamulo aakulu a dziko lino a 1994 anali ndi gawo 64, lopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanakwane. Aphungu analichotsa okha mu 1995, ndipo kuyambira pamenepo zipani zimalonjeza kulibwezera zikakhala kotsutsa, n'kuiwala zikalowa. Ngati mukufuna pokwiyira penipeni, kwiyirani pamenepo.

Mwafunsa kuti mutani. Chitupa chanu cha unzika chisungeni bwino, ndipo kalembera akadzayamba mudzalembetse, kusankha kovota kapena ayi mudzachite tsiku lake mu 2030, osati lero muli ndi mkwiyo. Mukadzavota musadzavalenso nsalu ya munthu. Phungu ndi khansala muziwasankha paokha, osati chifukwa ali chipani chimodzi ndi pulezidenti. Ndipo pakati apa pitani ku msonkhano wa komiti ya chitukuko ya m'dera lanu, VDC kapena ADC, mukafunse kuti ndalama ya CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu, ya chaka chino yabwera zingati ndipo yamanga chiyani. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu September 2020, m'boma lomwelo la a Chakwera, choncho akakuzembani alembereni kalata ndipo musunge kope lake.