Ku Franschhoek mvula imagwadi mu June

Achemwali, mwafunsa ngati mlongo wanu sakukunamizani ponena kuti kumene wapeza ganyu, ku Franschhoek, mvula ikugwa mu June, komanso chifukwa chake mafamu ake ali ndi mayina achifalansa chonsecho ndi ku Joni. Sakunama ayi. Ine ndinathyolako mphesa kumeneko, ndiye ndiyankheko.

Franschhoek ndi chigwa chomwe chili pamtunda wa makilomita pafupifupi 75 kuchokera ku Cape Town. Mapiri anachizinga mbali zitatu, ndipo mtsinje wa Berg umayambira m'mapiri omwewo. Nyengo yake ndi yotembenuka. Mvula imagwa kuyambira May mpaka August, nthawi yomwe kwathu fumbi lili koboo, ndipo imabwera pamodzi ndi chisanu choluma zala. Masiku ena mukadzuka mumapeza nsonga za mapiri zayera ndi chipale chofewa. Ikafika December kumauma gwaa, dzuwa n'kumaswa mtengo.

Chinsinsi cha mphesa chagona pamenepo. Nthawi yozizira mpesa umayoyola masamba n'kugona, ukangouona mungati nkhuni youma. Zipatso zimapsa kukuwala dzuwa, popanda mvula yoziwoletsa. Palinso mphepo yochokera kumwera chakum'mawa, amaitcha Cape Doctor, imene imaumitsa chinyezi m'masamba, nkhungu n'kusowa pogwira. Imakuntha ngati mwera wa pa nyanja, chipewa chikapanda chingwe mwataya. Kukolola kumayamba cha kumapeto a January mpaka March, ndipo tinkalawirira kudakali chisisira kuti mphesa zikafike kophwanyira zisanatenthe. Pofika masana manja amakhala atamatamata ndi shuga, njuchi zili ng'waa pa kreti.

Za mayinawo, mu 1685 mfumu Louis XIV ya ku France inathetsa lamulo lomwe linkateteza Akhristu achipulotesitanti otchedwa Huguenot. Ambiri anathawira ku Holland, ndipo cha mu 1688 ena pafupifupi 200 anafika ku Cape, bwanamkubwa Simon van der Stel n'kuwagawira malo, ena a iwo m'chigwa chomwechi. Chigwachi chinkatchedwa Olifantshoek chifukwa cha njovu zomwe zinkapezekamo, kenako chinasanduka Franschhoek, kutanthauza ngodya ya Afalansa. N'chifukwa chake mumamva mayina a mafamu monga La Motte, La Provence, Cabrière. Koma chilankhulo chawo sichinakhalitse, akuluakulu a kampani ya Adatchi yomwe inkalamulira Cape anakakamiza Chidatchi kusukulu ndi kutchalitchi. Chatsala ndi mayina a mabanja monga Du Toit, De Villiers ndi Le Roux, eni ake akulankhula Chiafrikaans.

Zomwe alendo odzalawa vinyo sauzidwa kawirikawiri ndi zakuti minda imeneyi inalimidwa ndi akapolo, ena ochokera ku Madagascar, India, Indonesia ngakhale kwa anansi athu ku Mozambique. Ukapolo unathetsedwa mu 1834, koma panatsala chizolowezi chotchedwa dop, cholipira antchito gawo la malipiro awo ndi vinyo. Boma linachiletsa cha m'ma 1960, komabe pa mafamu ena chinapitirira mpaka m'ma 1990, ndipo mabala ake a uchidakwa akuonekabe m'makomboni. Ine chimandipweteka n'chimenecho, kuona alendo akujambulitsa pa chipilala cha Huguenot cha mu 1948, koma amene anagwira khasu osatchulidwa n'komwe.

Mlongo wanuyo wafika nyengo yodulira nthambi. Muuzeni agule jekete yosalowa madzi ndi magambutsi malipiro oyamba akangolandira, July sanafike.