Misampha ya poyambira chess: phunzirani kuizemba musanaphunzire kuitchera

Wowerenga wina watitumizira imelo iyi: "Ndinayamba chess miyezi inayi yapitayo. Pa intaneti ndimagonja kawirikawiri ndisanafike move ya 10. Ndinaika app yophunzitsa misampha ya poyambira masewero ndipo ndaloweza yoposa 20, koma ndikatchera palibe amene akukodwa. Wokodwa ndimakhala ine. Ndikulakwitsa pati?"

Achimwene, app yanuyo musaichotse. Chomwe chikukupwetekani ndi mbali ya bolodi imene mumakhala pophunzira. Ma app ambiri a misampha amakukhazikani kumbali ya wotchera: mumasuntha, mnzanu wa mu kompyuta amalakwitsa pamalo oyenera, mumagonjetsa, mtima n'kusangalala. Koma msampha uliwonse umadalira move imodzi yolakwika ya mnzanu. Akapanda kuisewera, mumatsala ndi asilikali omwazikana ndipo simudziwa chochita. Muzikhala kumbali ya wokodwa, ndipo pa msampha uliwonse mupeze zinthu ziwiri: move yomwe yamupha ndi iti, ndipo anayenera kusewera iti.

Tigwirizane kaye kalembedwe. K ndi mfumu, Q ndi mfumukazi, R ndi rook, B ndi bishopu, N ndi hatchi. Pawn ilibe chilembo, timangolemba bokosi lomwe yafika. Chizindikiro cha x ndi kudya, + ndi check, # ndi checkmate, ndipo madontho atatu (monga 3...Nf6) akutanthauza move ya zakuda.

Yalani asilikali pa bolodi muyang'ane bokosi la f7. Pawn ya pamenepo ikutetezedwa ndi mfumu yokha basi, ndipo kwa zoyera ndi chimodzimodzi pa f2. Misampha yambiri imene imagwira oyamba kumene imadzera pakhomo limeneli. Wotchuka kwambiri ndi Scholar's Mate: 1.e4 e5 2.Qh5 Nc6 3.Bc4 Nf6 4.Qxf7#. Move ya 3...Nf6 imaoneka yanzeru chifukwa ikuthamangitsa mfumukazi, koma siyankha funso la pa f7. Yankho ndi 3...g6, ndipo mfumukazi ikabwerera pa f3 kukayang'ananso f7, pamenepo ndiye musewere 4...Nf6 kutseka njira. Onetsetsani nthawi yosewera g6. Mukafulumira nayo pa move yachiwiri, 2.Qh5 g6, pawn ya e5 ilibe mtetezi: 3.Qxe5+ ikuloza mfumu ndi rook ya h8 nthawi imodzi, rook yapita. Nc6 iyambe, g6 itsatire. Ndipo ngati mnzanu aumirira ndi 5.Qb3, mulangeni ndi 5...Nd4. Akadya 6.Bxf7+ Ke7 7.Qc4, pawn ya 7...b5 ichotsa mfumukazi pa ntchito yolondera bishopu, bishopuyo n'kudyedwa.

Wachiwiri pakhomo lomweli ndi Fried Liver: 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4 Nf6 4.Ng5 d5 5.exd5. Dzanja limathamangira kubwezera 5...Nxd5, ndipo mavuto amayambira pomwepo: 6.Nxf7 Kxf7 7.Qf3+ Ke6 8.Nc3, mfumu yanu ili pakati pa bwalo ikulondera hatchi. Kompyuta imatha kudziteteza pamenepa, munthu wa miyezi inayi satha. Odziwa amasewera 5...Na5, kusiya pawn imodzi kuti athamangitse bishopu: 6.Bb5+ c6 7.dxc6 bxc6 8.Be2 h6, ndipo asilikali akuda amatuluka mwamphamvu. Kwa inu pakali pano pali njira yachidule. Pa move yachitatu sewerani 3...Bc5 m'malo mwa 3...Nf6. Njira ya mfumukazi yanu kuchoka pa d8 kufika pa g5 imakhala yotseguka, ndiye hatchi ikalumphira pa g5 mumangoidya ndi 4...Qxg5.

Tsopano msampha womwe ndikufuna muukhalire pansi, chifukwa ndi umene ukuonetsa bwino kuipa koloweza. Umatchedwa Légal's Mate, kutengera dzina la Sire de Légal, katswiri wa ku Paris wa zaka za m'ma 1700. Umayenda chonchi: 1.e4 e5 2.Nf3 d6 3.Bc4 Bg4 4.Nc3 g6 5.Nxe5. Hatchi ya f3 imaoneka yomangidwa, poti ikachoka mfumukazi ya d1 idyedwa. Wa zakuda amalusira nyama yaikulu, 5...Bxd1, kenako 6.Bxf7+ Ke7 7.Nd5#. Asilikali ang'onoang'ono atatu atseka mfumu. Akanakhala wodekha akanadya hatchi ndi 5...dxe5, n'kuluza pawn imodzi yokha pambuyo pa 6.Qxg4.

Sinthani chinthu chimodzi: wa zakuda asewere 4...Nc6 m'malo mwa 4...g6. Woloweza amaona chithunzi chomwe chija n'kusewera 5.Nxe5. Apa wadzibaya yekha, chifukwa 5...Nxe5 yadya hatchi ndipo kuchokera pa e5 ikutetezanso bishopu wa g4. Mfumukazi ikadya bishopu nayo idyedwa. Hatchi yapita posinthana ndi pawn imodzi yokha. Kuti msampha ugwire pamenepa pafunika 5.h3 Bh5 kaye, bishopu achoke pa bokosi lomwe hatchi ingamutetezere. Ndiye 6.Nxe5 Nxe5 7.Qxh5 Nxc4 8.Qb5+ ndipo mfumukazi ibweza hatchi ya pa c4, zoyera n'kutsala ndi pawn yowonjezera. Kusiyana kwake ndi move imodzi ya pawn ya m'mphepete. App imene imangokuyamikirani mukaloweza mzere sikuuzani zimenezi. Muyenera kuifunsa nokha posuntha move ina ya mdani n'kuona zomwe kompyuta ikunena.

Misampha ina itatu ndiipita mofulumira, poti matenda ake ndi amodzi: kudya musanafunse kuti chakudyacho chaikidwiranji. Mu Blackburne Shilling Gambit, 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4 Nd4, pawn ya e5 ndi nyambo. 4.Nxe5 Qg5 5.Nxf7 Qxg2 6.Rf1 Qxe4+ 7.Be2 Nf3#. Ingodyani hatchi ndi 4.Nxd4, muli bwino. Mu Petrov, 1.e4 e5 2.Nf3 Nf6 3.Nxe5, kutsanzira mnzanu ndi 3...Nxe4 kumakumana ndi 4.Qe2, ndipo mukabweza hatchi pa f6, 5.Nc6+ itsegula check ndi kudya mfumukazi yanu. Yambani ndi 3...d6, hatchi ibwerere, kenako mudye e4. Ndipo ngati mumatsegula ndi 1.d4, mudzakumana ndi Englund Gambit: 1...e5 2.dxe5 Nc6 3.Nf3 Qe7 4.Bf4 Qb4+ 5.Bd2 Qxb2. Apa 6.Bc3 imaoneka ngati yathamangitsa mfumukazi, koma 6...Bb4 7.Qd2 Bxc3 8.Qxc3 Qc1#. Move yoyenera ndi 6.Nc3, ndipo mfumukazi yakuda ndi imene imayamba kusowa pothawira.

Mwaona kuti Shilling ndi Englund zimasiya wotchera ali pamavuto mnzake akayankha bwino. N'chifukwa chake misampha yanu 20 ija ikukubwererani. Ine sindingalangize woyamba kumene kuti amange masewero ake pa mizere yotere. Idziweni kuti isakugwireni, basi.

Nanga app muigwiritse bwanji? Ndifotokoza za Lichess, webusaiti ndi app yosewerera chess, chifukwa ndi yaulere yonse ndipo ilibe zotsatsa malonda. Anaiyambitsa Thibault Duplessis wa ku France mu 2010. Chess.com nayo ili ndi Game Review, younikira masewero omwe mwasewera, koma osalipira amawachepetsera kuchuluka kwake. Chessable, webusaiti ina yophunzitsa chess, imakubwezerani mizere mobwerezabwereza, yomwe mwalakwitsa imabwera msanga, yomwe mwakhoza imachedwa. Njira imeneyi ndi yabwino posunga zomwe mwamvetsa kale, osati poyambira.

Lekani kaye masewero a mphindi imodzi kapena zitatu. Sewerani a mphindi 10, kapena 15+10, kutanthauza mphindi 15 ndi masekondi 10 owonjezera pa move iliyonse. Pa masewero achangu dzanja limabwereza zizolowezi zomwe zikukugonjetsanizo. Mukagonja, musathamangire kuyamba ena. Tsegulani masewerowo kompyuta ili yozimitsa, muyende move ndi move mpaka pomwe mukuganiza kuti zinthu zinasokonekera, mulembe nambala ya move imeneyo. Kenako pemphani kompyuta iunike; Lichess imagwiritsa ntchito Stockfish, pulogalamu younika masewero a chess. Idzaika ?! pa move yofooka, ? pa yolakwika, ?? pa yoononga zonse. Yerekezani ndi nambala yanu ija. Kawirikawiri mudzapeza kuti munaloza pamene munadyedwa, pomwe cholakwa chenicheni chinachitika move imodzi kapena ziwiri m'mbuyo. Batani la Learn from your mistakes limakubwezerani pamalo pomwepo kuti mupeze nokha move yabwino isanakuonetseni.

Manambala a kompyuta asakusokonezeni. +1.0 ndi pafupifupi pawn imodzi kwa zoyera, -1.0 ndi chimodzimodzi kwa zakuda. Kusiyana kwa +0.2 ndi +0.5 kulibe ntchito pa msinkhu wanu. Yang'anani pomwe nambala yalumpha ndi 2 kapena kuposa.

Chotsatira ndi chimene ambiri amachita nacho ulesi. Tsegulani Study yanu pa Lichess, kabuku kosungiramo mizere ndi ndemanga zanu, ndipo msampha uliwonse womwe wakugwirani m'masewero enieni ukhale mutu wake. Study imodzi imalola mitu 64, yokwana ndi kutsala. Ikani mzere womwe unakuphani, pambali pake mzere woyenera, ndipo pa move yolakwika lembani chiganizo chimodzi m'mawu anu, m'Chichewa momwe: "ndinadya e5 osaona kuti mfumukazi ifika pa g5", kapena "g6 ndinasewera e5 isanatetezedwe". Ngati chiganizocho chikukanika kulembeka, ndiye kuti simunamvetse, bwererani pa bolodi. Mutembenuze bolodi kuti mtundu womwe munasewera ukhale pansi, chifukwa maso amazolowera chithunzi kuchokera mbali imodzi. Muubwereze mawa lake, pakatha masiku atatu, kenako pakatha sabata. Misampha iwiri kapena itatu pa sabata ndi yokwanira.

Lichess imasanjanso ma puzzle motengera katsegulidwe ka masewero. Ngati mumasewera 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4, sankhani a Italian Game, ndipo mudzaona mabala a pa f7 akubwera m'maonekedwe osiyanasiyana, ochokera m'masewero a anthu enieni. Khumi pa tsiku, mosafulumira, mukuwerenga mzere wonse m'mutu musanakhudze foni. App yake imasunga ma puzzle ena oti muchite popanda intaneti, zomwe zimathandiza bandulo ikatha. Ngati muli ndi bolodi yeniyeni, yalani mizere yomweyi ndi manja, poti amene wazolowera galasi la foni amatha kuphonya bishopu wa pa c4 akakhala pa tebulo la mpikisano.

Pomaliza pa funso lanu, sankhani katsegulidwe kamodzi mukhale nako miyezi itatu. Ndi zoyera, 1.e4 e5 2.Nf3 Nc6 3.Bc4, kenako d3, c3 ndi kubisa mfumu ndi 0-0 (castling ya mbali ya mfumu). Ndi zakuda, 1...e5, 2...Nc6 ndi 3...Bc5. Pa move 10 zoyambirira, mnzanu akangosuntha, dzanja likhale pansi mpaka mutaona ma check onse amene angakupatseni, zonse zimene angadye, ndi asilikali angati akuyang'ana f7 kapena f2. Akakhala awiri ndipo mtetezi ndi mfumu yokha, move yanu ikhale yoyankha zimenezo.