Musagule vanishi, vuto lili mumtengo

Achimwene ena a ku Furancungo, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, andilembera imelo. Amasema njovu, mbale ndi zipande akaweruka kumunda, koma pakangotha milungu iwiri kapena itatu chosemacho chimang'ambika kuchokera pansi mpaka pamwamba, ndiye akufunsa vanishi wabwino woti agule. Funsoli landikhudza, chifukwa anthu aluso ambiri ataya kasemasema pa nkhani yomweyi, poganiza kuti dzanja lawo ndiye loipa.

Achimwene, ndalama ya vanishiyo isungeni. Mukusema mtengo wauwisi uli ndi mtima wake, ndipo ukuuma mothamanga. Mtengo pouma umachepa, koma suchepa mofanana mbali zonse. Mozungulira thunthu umachepa pafupifupi kawiri kuposa mmene umachepera kuchokera kukhungwa kulowa pakati. Kunja kukakoka mkati mukadali monyowa, mtengowo umatseguka, ndipo mng'alu nthawi zonse umalunjika pa kamtima kapakati paja. Tembenuzani njovu yanuyo muone pansi pake, mupeza mng'alu wayambira pomwepo. Komanso madzi amathawira kwambiri kumapeto kumene munadula ndi sowo, kusiyana ndi m'mbali. Ndiye wina n'kumayanika chosema padzuwa la Okutobala, pamene mumzinda wa Tete kutentha kumapitirira madigiri 40! Kwanuko kumapiri n'kozizirirapo, komabe mphepo youma ya chilimwe imawononga chimodzimodzi.

Mtundu wa mtengo nawo uli ndi mawu. Bulugamu ndi wa milimo ndi nkhuni, wosema amutalikire, amang'ambika ngakhale mutamusamala bwanji. Mango ndi wofewa, ngwabwino pophunzirira ndi posema mbale, koma amafumbwa msanga. Mlombwa, umene amalonda amati umbila, ndiye bwenzi la wosema chifukwa umachepa pang'ono kwambiri pouma. Kungoti mbali yoyera ya pafupi ndi khungwa muziichotsa yonse, tizilombo timayambira pamenepo. Mbawa imamvera mpeni bwino. Tsanya wa kuchigwa, cha ku Changara uko, ndi wolimba moti amabunthitsa chitsulo, koma akasalala amawala yekha, ndipo zimandipweteka kumuona akuthera m'matumba a makala m'mbali mwa msewu.

Pa phingo ndiye ndilankhule mosabisa. Mtengo umenewu, umene pa Chipwitikizi amati pau-preto, umakula pang'onopang'ono kwambiri, ndipo munthu amene akadali kuphunzira alibe chifukwa choudulira. Choipa kwambiri ndi chizolowezi chopaka polishi wakuda wa nsapato pa mtengo wamba n'kumauza wogula kuti ndi phingo. Limeneli ndi bodza, ndipo limanyozetsa osema onse, chifukwa wogula akakanda ndi chikhadabo n'kuona zoyera sabweranso. Mlombwa uli ndi mtundu wake wokongola, muudetserenji? Amene mumaganiza zotumiza katundu kunja dziwaninso kuti phingo analowa m'ndandanda wa CITES (pangano la mayiko loyang'anira malonda a zomera ndi nyama zimene zili pachiopsezo chotha) mu 2017, ndipo mlombwa, mbawa ndi chanfuta zinatsatira mu 2023, choncho funsani kaye kwa a zankhalango musanafike nazo pachipata cha pamalire cha Calomue kapena Zóbuè. Nthambi zakugwa ndi zidutswa zotsala kwa akalipentala zimakwanira wosema wa kumudzi. Ena anafunsanso za zosema za kudambwe. Zimenezo zili ndi eni ake, sitilemba pano.

Chochita ndi chipika chanu

Chiwazeni pakati ndi nkhwangwa tsiku lomwe mwadula, kuti mtima ugwere pamalo owazawo, kenako sadzulani masentimita 2 a pamtimapo mbali zonse. Njovu isemedwe kuchokera ku theka limodzi, osati ku chipika chathunthu. Kumapeto konse pakani phula la kandulo losungunula, penti yotsala kapena kola (guluu) wa matabwa, muike pamthunzi, pamwamba pa timitengo kuopa chiswe. Akalipentala amawerengera chaka chimodzi pa masentimita 2.5 alionse a kuchindikala.

Ngati simungadikire, semani chauwisi koma musamalize. Mbale ya masentimita 30 mulifupi isiyeni yochindikala masentimita 3 paliponse, pansi ndi m'mbali mofanana. Njovu yaikulu muiboole kumimba. Ikani m'thumba la pepala pamodzi ndi zipalapala zake, ndipo mlungu uliwonse muziyeza pasikelo ya chimanga. Kulemera kukasiya kutsika kwa milungu itatu, malizani ndi mpeni ndi sandipepa. Ming'alu ing'onoing'ono tsekani ndi utuchi wa mtengo womwewo wosakaniza ndi kola, koma osati pa chipande kapena mbale yodyera. Zimenezo zipakeni phula la njuchi, osati mafuta ophikira, chifukwa amayamba kununkha pakapita miyezi.