Kalata yanga yazizira nditaikonza, ndibwerere pa yoyamba ija?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene ndi mlembi wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ija timati VDC. Mjigo wa kwawo unawonongeka ndipo anthu ayambiranso kutunga kudambo. Mayiwa analemba kalata yopita ku ADC, komiti ya chitukuko ya m'dera la mfumu yaikulu, kuti nkhaniyi ikafike ku khonsolo. Yoyamba anailemba usiku mtima ukuwawa, inadzaza masamba atatu. Aikonza kanayi mpaka yatsala tsamba limodzi, koma akuti akaiwerenga ikumveka yozizira. Afunsa kuti, "Kodi ndibwezeretse moto uja, kapena nditumize yomweyi?"

Mayi, zikomo ponditumizira makalata onse awiri. Musabwerere pa yoyamba. Koma yomalizayinso musaitumize mmene ililimu, chifukwa pochotsa ukali mwataya pamodzi ndi chinthu chimene chinakukwiyitsanicho.

Ndikutanthauza ndime ija ya atsikana. Poyamba munalemba kuti atsikana a sitandade 7 ndi 8 amalawira kudambo kusanache, n'kufika kusukulu belu litalira kale, zovala zili chonyowa. M'kalata yatsopano zonsezo zasanduka mawu akuti "anthu akuvutika ndi madzi". Mawu amenewo wapampando wa ADC amawamva kuchokera ku midzi yonse ya m'dera la mfumu yaikulu, ndipo khutu lake linawazolowera. Atsikana aja sangawaiwale msanga. Abwezeretseni, ndipo akhale pamwamba penipeni, moni akangotha.

Zimene munachita bwino kuchotsa ndi mawu aja onena kuti atsogoleri amangotikumbuka nthawi ya kampeni. Ndikumvetsa kumene akuchokera, ndipo sindikuti mukunama. Koma munthu akawerenga chitonzo amayamba kukonza zodziteteza, pempho lili m'munsimo salionanso.

Nkhani ngati iyi imandikumbutsa kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992. Amene anaimva amakumbukira mantha a tsikulo, koma mukaiwerenga lero mudabwa kufatsa kwake. Mulibe mwano. Inayamikira kumene boma linayesetsa, kenako inatchula zinthu zimene aliyense ankaziona koma osazilankhula: kusiyana kwa olemera ndi osauka, kudzaza kwa ana m'makalasi, kuperewera kwa ogwira ntchito m'zipatala, kumanga anthu popanda kuwazenga mlandu. Boma la Dr Kamuzu Banda linati ndi kalata youkira, ndipo kupezeka nayo unali mlandu. Pa 14 Juni 1993 Amalawi anavota pa riferendamu kusankha ndale za zipani zambiri. Panali zifukwa zinanso zambiri, inde, koma kalatayo inagwedeza dziko chifukwa panalibe amene akanaitsutsa. Ikanakhala yotukwana, boma likanaloza kutukwanako, anthu n'kuiwala za zipatala ndi ndende.

Vuto lina lili kumapeto. Mwatseka ndi "chonde tithandizeni", ndipo wowerenga sadziwa choti achite mawa m'mawa. Ngati mjigo wanu ndi wa mtundu wa Afridev, monga yambiri m'midzi mwathu, itanani mekaniki wa m'dera auone. Mwina ndi timarabala tokha tatha, zimene komiti ya mjigo ingagule ndi zopereka zake. Mwina ndi mapaipi a pansi kapena ndodo. Mwinanso chitsime chenichenicho chauma, ndipo pamenepo mpamene pakufunika khonsolo. Lembani chimene chawonongeka, mtengo wake, ndalama zimene mudzi wasonkha kale, ndi zotsala. Kalata yonena kuti "ife tasonkha izi, zatsala izi" imalemera kuposa ya manja lende. Werenganinso anthu amene amamwa pamenepo. Mlingo wa boma ndi woti mjigo umodzi uzitumikira anthu 250, choncho ngati kwanu apitirira pamenepo, nambalayo iikeni.

Za kolera munazitchula m'mawu amodzi okha. Wonjezerani chiganizo chimodzi: mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mvula ikubwera anthu anu akumwa zakudambo. Musapitirire apo, a ADC maliro amenewo akuwakumbukira okha.

Mukamaliza, musaiwerengere anzanu a mu komiti okha, chifukwa iwo avomereza chilichonse. Pezani munthu mmodzi amene amakonda kutsutsa pa misonkhano, mumuwerengere mokweza, ndipo pamene akudulani pakamwa muikepo chizindikiro. Pamenepo mpamene a ADC adzaimenso. Kenako ikani deti, musayine limodzi ndi wapampando wa VDC, a mfumu adindepo, ndipo musunge kope lanu. Ya chisanuyo ikatha munditumizire, ndiionenso isanapite.