Kodi Tom ndi Jerry anathera pa njanji?

Mayi wina wa ku Ngabu wanditumizira imelo. Akuti mwana wake wa sitandade 6 anabwera kunyumba nkhope ili yakugwa, atamva kwa anzake kuti Tom ndi Jerry, mphaka ndi mbewa a m'makatuni aja, anagundidwa ndi sitima m'katuni yomaliza. Anamvanso kuti awiriwa ndi mabwenzi amene amangonamizira udani. Mayiwo akufunsa: "Zoona ndi ziti, ndimuuze chiyani mwanayu?"

Mayi, tiyambe ndi za sitimazo. Katuni imene anawo akunena ilipodi. Dzina lake ndi Blue Cat Blues, inatuluka mu 1956. Tom wakopeka ndi mphaka wamkazi, wasakaza ndalama zonse pomugulira mphatso, koma mkaziyo watengedwa ndi Butch, mphaka wachuma. Tom akukakhala pa njanji ali khuma. Jerry nayenso akupeza kuti chibwenzi chake chakwatiwa ndi wina, ndiye akukakhala pambali pa mnzakeyo. Kulira kwa sitima kukumveka patali, katuni n'kuthera pomwepo. Sitimayo sitiiona ikufika. Ndipo siinali yomaliza ayi. William Hanna ndi Joseph Barbera, amene anayambitsa makatuniwa, anapitiriza mpaka 1958, n'kukwanitsa makatuni 114. Kenaka Gene Deitch anajambula ena 13 ku Prague, Chuck Jones n'kuwonjezera 34 mpaka 1967. Mphaka wakufa sangagwire ganyu zaka zonsezo.

Za ubwenziwo n'zimene zimandikoma. Anthu amati Tom safuna kumugwira Jerry, amangothamanga kuti mwini nyumba aone kuti mphaka akugwira ntchito, poopa kuti angabweretse wina wolusa zenizeni. Ojambulawo sanalembe mbiri yachinsinsi yotere. Katuni iliyonse inkayamba payokha, ngati nthano za Kalulu: lero wagwidwa pachitsime, mawa ali bwinobwino akupusitsa Njovu. Ngakhale dzina linasintha, poti m'katuni yoyamba ya 1940 mphakayo ankatchedwa Jasper.

Koma oganiza zimenezi sanangozitola m'malere. Mu 1943 muli katuni ina imene Jerry anapitikitsitsa Tom panyumba, kenaka n'kuyamba kusungulumwa. Anapangana kuti amenyane mwachiphamaso pamaso pa mayi wa m'nyumbamo mpaka Tom anabwezedwa. M'katuni ina ya 1948 mayiyo anabweretsadi mphaka wachinyamata, dzina lake Lightning, ndipo awiriwa anagwirizana zomuchotsa. Ndinaziona ndili mnyamata m'kanyumba ka vidiyo pa Nchalo, denga lamalata likuwotcha mwezi wa Okutobala, ife thukuta kamukamu koma osatuluka. Mkulu wina amene ankadula nzimbe anaseka n'kunena kuti Tom ndi mlonda wodziwa kuti akuba akatha, nayenso ntchito yatha. Mpaka lero sindinamve wina akuzifotokoza bwino kuposa pamenepo. Komatu kuno kwathu, Jerry akanakumana ndi anyamata okumba mbewa, nkhani yonse ikanatha sabata yoyamba.

Mwanayo muuzeni kuti palibe anafa. Katuni ya njanjiyo ndi yachisoni, ndipo ine ndikanakonda muionere limodzi m'malo momusiya yekha ndi foni. Akafunsa chifukwa chimene Tom anakakhalira pamenepo, musazembe, muuzeni kuti munthu akasweka mtima amafunika kulankhula ndi wina. Za ubwenzizo musamutsutse. Mufunseni akuonetseni pamene waona umboni, mudzadabwa kuchuluka kwa zimene ana amaona ife tili kalikiliki ndi mapoto.